Mafunso ndi Mayankho: Za Kuyamba Ulendo ndi Chisipanishi

Popeza makalata afika ochuluka, tiyeni tiyambe.

Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Chitawira, amene alemba motere: "Mwana wanga wapeza malo okaphunzira udokotala ku Cuba, koma tamva kuti adzayamba ndi kuphunzira Chisipanishi miyezi yambiri. Chingerezi anachikhoza bwino pa mayeso a Fomu 4. Kodi kumeneku si kumtayitsa nthawi, pamene ine ndikukalamba ndi kudikira?"

Mayi, nkhawa yanu ndaimva, ndipo sindiipepusa, pakuti mtima wa nakubala umawerenga miyezi imene ena saiwerenga; komabe ndikupemphani kuti nthawi imeneyo musaiyese yotayika. Ku Cuba aphunzitsi amaphunzitsa m'Chisipanishi, mabuku ndi a Chisipanishi, ndipo koposa zonse, odwala amene mwana wanu adzaphunzirirapo ntchito yake adzamfotokozera zowawa zawo m'chinenero chomwecho. Inu amene mumakhala pafupi ndi chipatala cha Gulupu mukudziwa momwe nkhalamba imamasukira pamene dokotala ayifunsa m'Chichewa kuti mwadzuka bwanji agogo, ndi momwe imamangikira lilime pamene mawu ake ayenera kudzera mwa womasulira. Chifukwa chake sukulu yaikulu ya udokotala ya pafupi ndi Havana, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1999 kuti iphunzitse ana a mayiko ena, imayamba yaphunzitsa chinenero iwo amene sachidziwa. Ndiponso ana a ku South Africa, amene akhala akupita kumeneko potsata pangano la m'masiku a Nelson Mandela ndi Fidel Castro, amadzera pa khomo lomweli.

Ndikukumbutseninso za kuno kwathu. Pamene m'busa David Clement Scott adafika ku Mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1881, sadakhutire ndi kulalikira kudzera m'kamwa mwa ena, koma adakhala pansi pa mapazi a Amang'anja, nafunsa, nalemba, kufikira adatulutsa buku lake lalikulu lomasulira mawu m'chaka cha 1892. Ndipo ngati munthu wophunzira chotere adadzichepetsa kukhala mwana wa sukulu kwa makolo athu, nanga mwana wathu adzachitiranji manyazi kwa eni dziko? Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi.

Mumuuze mnyamatayo kuti ali ndi mwayi umene Mngerezi alibe. Chisipanishi chili ndi mavawelo asanu okha, a, e, i, o, u, omveka monga athu omwe, ndipo mawu ake amawerengedwa monga momwe alembedwera. Ulemu wathu wosiyanitsa iwe ndi inu uliko nakonso, pakuti mnzako umati tú, wamkulu umati usted. Mwana woleredwa bwino sadzaphunthwa pamenepo. Pomwe adzakhetse thukuta ndi pa l ndi r, amene ife timawasakaniza popanda mlandu, koma kumeneko pelo ndi tsitsi, pero ndi koma, perro ndi galu. Adziwenso kuti anthu a ku Cuba amayankhula mofulumira ndi kumeza s wa kumapeto kwa mawu, kotero kuti masabata oyamba adzaona ngati zonse anaphunzira zauluka. Asataye mtima, khutu limazolowera. Ndipo asadikire kufika ku Havana: ayambe mawa, pa lamya yake ya m'manja, moni, manambala, masiku ndi ziwalo za thupi, mokweza mawu, ngakhale azing'ono ake amseke.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wa ku Ndirande, amene akuti anakhala zaka ku Tete nadziwa Chipwitikizi, ndipo akufunsa ngati n'chimodzimodzi ndi Chisipanishi.

Bambo, ziwirizi ndi pachibale, zonse zidatuluka m'Chilatini, ndipo mukatsegula nyuzipepala ya Chisipanishi mudzamva zambiri. Koma katchulidwe n'kosiyana, ndipo amene adalira ubalewo osalowa m'kalasi amatha zaka akuyankhula chosakaniza. Ulendo wanu ndi wafupi kuposa wa ena, koma muuyende ndithu.

Yotsiriza yachokera kwa mtsikana wa ku Zingwangwa, amene akuti munthu wina wamlonjeza sukulu ya chinenero ku Madrid pamodzi ndi ntchito, ngati apereka ndalama tsopano.

Mwana wanga, kalata yako yandilemetsa mtima, ndipo ndikulankhula nawe monga kholo. Usapereke ndalama kapena pasipoti yako kwa munthu pa mawu a pakamwa okha. Amene afuna kukhala ku Spain kupitirira masiku 90 chifukwa cha maphunziro ayenera kukhala ndi viza ya wophunzira, ndipo imeneyo imafuna kalata yochokera ku sukulu yeniyeni yokulandira, pamodzi ndi umboni wakuti uli nazo ndalama zodzisamalira. Funsa dzina la sukuluyo, uilembere wekha, ndipo uone ngati ndi yovomerezeka ndi Instituto Cervantes, bungwe limene boma la Spain lidakhazikitsa m'chaka cha 1991, lomwenso limayendetsa mayeso a DELE osonyeza mlingo wa Chisipanishi cha munthu. Safunsa adadya phula. Mlendo wosamva chinenero amasayina chimene sanawerenge, ndipo akazunzidwa sadziwa mawu oitanira thandizo. N'chifukwa chake ndikuti uyambe waphunzira uli pakhomo pa amayi ako, ndipo akulu a kubanja aone mapepala onse usanakwere ndege pa Chileka.

Nthawi yatithera. Makalata a ku Bangwe ndi ku Machinjiri ndidzawayankha sabata ya mawa, Mulungu akalola.