Phunziro 9, Lachitatu: Pakati pa Muzu ndi Ula

Werengani 2 Mafumu 1:2-4, 16, 17 ndi 2 Mafumu 20:1-7. Mafumu awiriwa anadwala. Kodi aliyense wa iwo anafuna thandizo kwa yani, nanga matsiriziro ake anali otani?

Hezekiya anapemphera, ndipo Yesaya analamula kuti aike nkhuyu pa chithupsa chake, mfumuyo inachira. Ahaziya anatuma mithenga kukaombeza kwa mulungu wa ku Ekroni, ndipo sanadzukenso pakama pake. Mulungu sanatsutse mankhwala ochokera ku mtengo. Chimene anatsutsa ndicho kufunsira kwa mizimu.

Makolo athu anadziwa ntchito ya muwawani ndi mvunguti kusanabwere zipatala. Nzeru yotere si ya mdima ayi, pakuti mitengo anailenga ndi Yehova. Ngakhale mankhwala a malungo otchedwa LA, amene Malawi anayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, gwero lake ndi chitsamba chimene asing'anga a ku China anachidziwa kalekale. Komatu muzu ulibe muyeso wolembedwa: ukhoza kuononga chiwindi kapena impso, ndiponso kulimbana ndi mankhwala a ku chipatala. Wakumwa muzu asabisire dokotala.

Kodi Deuteronomo 18:10-12 akuika malire pati?

Funso ili liwatsata abale athu ngakhale kunja. Mlongo ali pa ntchito ku Johannesburg kapena ku Leeds, mwana wake wadwala, ndipo kumudzi amtumizira phukusi. M'katimo muli makungwa owiritsa, komanso chithumwa chomanga m'chiuno mwa mwanayo. Akakana zonse, adzati wataya mtundu wake. Akalandira zonse, chikumbumtima chimtsutsa. Akulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, choncho sayenera kuchita manyazi ndi kwao. Danieli sanaiwale Yerusalemu pokhala ku Babulo, koma sanadalirenso nzeru za openda nyenyezi (Dan. 2:27, 28, 6:10).

Mkhristu afunse mafunso atatu. Kodi mphamvu ya mankhwalawa akuti ichokera kuti? Kodi andiuza kuloza mbale wanga kuti ndiye wandilodza? Kodi ndingawapempherere poyera m'dzina la Yesu?

Zoti mukambirane: Mungayankhe bwanji mayi anu okubalani amene akutumizirani chithumwa mwachikondi, kuti musunge lamulo loyamba popanda kuswa lachisanu?