Mkungudza ndi Korali: Phunziro la Ukapitawo

Tikaima pa Chiringa n'kuyang'ana phiri la Mulanje, timakumbukira mkungudza, mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984. M'nyanja yamchere, kuzilumba za Quirimbas ku Mozambique, muli korali wotchedwa Porites. Kodi ziwirizi zikufanana pati?

Mkungudza ndi mtengo wa m'banja la saipuresi. Thabwa lake ndi lonunkhira, ndipo chiswe sichilidya. Korali amaoneka ngati mwala, koma ndi tinyama ting'onoting'ono tomanga zigoba za laimu. Chakudya chake chambiri chimapangidwa ndi ndere zokhala m'thupi mwake dzuwa likamawala.

Zonsezi zimakula pang'onopang'ono. Porites amakula pafupifupi sentimita imodzi pachaka, ndipo mkungudza umatenga zaka zambirimbiri kuti ukhwime. Zonsezinso zimateteza anthu: korali amafooketsa mafunde, nkhalango imagwira dothi. Koma sizichedwa kuwonongeka. Mu 1998 madzi atatentha kwambiri, makorali ambiri anafa. Kwathu kuno macheka ndi moto zatha mikungudza, moti kafukufuku wa mu 2017 anapeza ikuluikulu 7 yokha.

Ife amene tinaona matope a namondwe Freddy mu 2023 tisadikire kuuzidwa. Tiwerenge Genesis 2:15, ndipo tikambirane Sabata lino: kodi mpingo wathu udzala mitengo ingati dzinja likubwerali, nanga adzaisamalira ndani?