Phunziro la Mwezi Uno: Chakumwa cha Mandimu ndi Malalanje pa Misonkhano ya M'chilimwe

Miyezi ya Okutobala ndi Novembala ndiyo imene dzuwa limaswa mtengo m'dziko muno. Ku Chigwa cha Shire, monga ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kutentha kumapitirira madigiri 40 masiku ena. Nyengo yomweyi ndiyonso imene anthu amakhala atagulitsa mbewu zawo, motero maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mipingo zimachuluka. Paliponse pamene pasonkhana anthu otuluka thukuta pamafunika chakumwa, ndipo si banja lililonse limene lingathe kugula makireti a zakumwa za m'mabotolo okwanira alendo onse. M'phunziro lino tiona mmene tingakonzere chakumwa cha thovu kuchokera ku zipatso za m'minda mwathu, ndi mmene tingachisamalire kuti alendo abwerere kwawo ali bwino monga anabwerera.

Ubwino wa zipatso zimenezi

Mandimu, malalanje ndi manachesi ali ndi vitamini C wambiri. Vitamini ameneyu amalimbitsa nkhama, amathandiza zilonda kupola, ndiponso amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'ndiwo zamasamba, amene ndi wofunika popanga magazi. Lalanje limodzi lalikulu bwino limapereka vitamini C wokwanira munthu wamkulu pa tsiku. M'chaka cha 1747, dokotala wa m'sitima yapamadzi ya ku Britain, James Lind, anatenga amalinyero 12 odwala matenda a scurvy, otupitsa nkhama ndi kufooketsa thupi, nawapatsa zinthu zosiyanasiyana awiriawiri. Awiri amene analandira malalanje ndi mandimu ndiwo anachira msanga.

Manachesi otchuka a ku Mwanza amapsa m'nyengo yozizira, ndipo pofika chilimwe amakhala atasowa pamsika. Mandimu savuta kwenikweni kuwapeza, ndiye chifukwa chake ndiwo mwini chakumwa chathu. Malalanje akapezeka tiwaphatikize, pakuti amachepetsa kuwawasa ndipo shuga wothira amachepa.

Madzi ndiwo oyamba

Mwa magawo atatu a chakumwa chimenechi, awiri ndi madzi. Choncho funso loyamba lisakhale lakuti mandimu ndi angati, koma lakuti madziwa atungidwa kuti. Matenda a kolera analowa m'Malawi m'chaka cha 1973, ndipo akhala akubwerabwera. Mliri umene unayamba mu Marichi 2022 nupitirira mpaka 2023 unagwira anthu oposa 58,000, ndipo oposa 1,700 anamwalira. Tizilombo ta kolera, ta tayifodi ndi ta kamwazi sitioneka ndi maso, sitinunkha, ndiponso sitisintha kakomedwe ka madzi. Ndowa imodzi ya chakumwa choipa pa ukwati ingadwalitse midzi itatu tsiku limodzi.

Njira zodalirika ndi ziwiri. Yoyamba ndi kuwiritsa madzi mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, kenaka kuwasiya azizire ali ovundikira. Popeza madzi ambiri amachedwa kuzizira m'chilimwe, ntchito imeneyi ichitike madzulo a tsiku lotsogolera phwando. Yachiwiri ndi kuthira klorini. Mwachitsanzo, WaterGuard amathiridwa kachivundikiro kamodzi m'malita 20 a madzi oyera, ndipo amadikiridwa mphindi 30. Klorini wina amene amagawa alangizi a zaumoyo ali ndi muyeso wake, umene iwowo amaufotokoza pogawa. Madzi a pamjigo nawonso atetezedwe, chifukwa ngakhale atuluke pansi ali abwino, amaipira m'njira: m'ndowa yosatsuka, m'zala za wonyamula, ndi m'masamba aja amene ena amaika pamwamba kuti madzi asatayike.

Pano pali mfundo imene ambiri saidziwa. Vitamini C amapha mphamvu ya klorini. Munthu akathira madzi a mandimu ndi klorini nthawi imodzi, kapena asanadikire mphindi 30 zija, klorini amatha mphamvu asanagwire ntchito yake. Tsono tiyambe tathira klorini, tidikire, ndipo zipatso zibwere pambuyo. Tidziwenso kuti zipatso zikangolowa, klorini sakutetezanso chakumwacho ku uve umene ungagwemo pambuyo pake.

Ena amati mandimu okha amapha tizilombo, motero palibe chifukwa chowiritsira madzi. Mawu amenewa ali ndi kachoonadi pang'ono. Tizilombo ta kolera sitipirira asidi, ndipo ofufuza a ku Guinea-Bissau m'zaka za m'ma 1990 anapeza kuti madzi a mandimu othiridwa m'ndiwo ankathandiza kuteteza mabanja ku kolera. Koma chakumwa cha paphwando chimasungunulidwa ndi madzi ambiri, tizilombo ta matenda ena timapirira asidi, ndipo soda wobweretsa thovu, amene timufotokoza m'munsimu, amachepetsa asidi yemweyo. Mandimu ndi mthandizi chabe. Amene angawadalire m'malo mwa moto kapena klorini akuika alendo ake pachiswe.

Kakonzedwe kake

Muyeso uwu ndi wa malita 5, ndiye kuti makapu 20. Pamafunika mandimu 8, malalanje 10, shuga magalamu 250 (kapu imodzi ndi pang'ono), ndi kachidutswa ka jinja ngati alipo. Malalanje akasowa, mandimu akhale 12 ndipo madzi awonjezedwe.

Sambani m'manja ndi sopo pa madzi othira, osati m'beseni limodzi ndi anzanu. Tsukani zipatso ndi madzi otetezedwa musanazidule, pakuti mpeni umatenga uve wa pakhungu la chipatso nuulowetsa m'kati. Mpeni ndi thabwa zikhale zosiyana ndi zimene akudulira nyama ya paphwando. Kawirikawiri ife oyendera zaumoyo timapeza kuti pakhomo pa phwando pali mpeni umodzi wokha wakuthwa, ndipo umangoyenda kuchoka ku mbuzi kupita ku zipatso.

Palani khungu lakunja la mandimu awiri, kusiya choyera cham'kati chimene chimawawa. Ikani zopalazo mumphika pamodzi ndi shuga, jinja wosinja ndi kapu imodzi ya madzi, ndipo wiritsani mphindi zisanu kufikira zitakhala manyuchi opepuka. Phulani, sefani, ndi kudikira kuti azizire. Kenaka finyani zipatso zonse, sefani nthangala, ndi kusakaniza madzi akewo ndi manyuchi aja. Madzi a zipatso asaphikidwe ayi, chifukwa moto umawononga vitamini C. Msakanizo wolimba umenewu usungidwe m'botolo lotsekedwa pamalo ozizira, ndipo ukonzedwe m'mawa wa tsiku la phwando lomwelo. Pogawa, gawo limodzi la msakanizo limafuna magawo awiri a madzi.

Mukatha kufinya sambaninso m'manja. Madzi a mandimu akakhala pakhungu munthu n'kukhala padzuwa lamphamvu, amatha kuwaula khungu ndi kusiya mabanga akuda.

Thovu

Thovu la m'zakumwa ndi mpweya wa carbon dioxide. Njira youlowetsera m'madzi anaitulukira Joseph Priestley ku Leeds m'chaka cha 1767. Kwa okhala pafupi ndi sitolo, chapafupi ndi kugula mabotolo a soda water, amene alibe shuga, ndi kuwathira m'malo mwa madzi, kapena theka soda water theka madzi otetezedwa. Botolo litsegulidwe nthawi yogawa, chifukwa mpweya umathawa msanga kukatentha.

Kumudzi ingagwire ntchito njira ina. Soda wophikira, yemwe uja amayi amathira m'therere, akakumana ndi asidi wa mandimu amatulutsa mpweya womwewo. Kansonga ka supuni yaing'ono ndi kokwanira kapu imodzi. Athiridwe m'kapu pomwepo, ndipo munthu amwe thovu lisanathe. Akathiridwa m'ndowa yonse, thovu limatha alendo oyamba asanalandire, ndipo chotsala ndi chakumwa chozizira mkamwa chimene asidi wake wachepa. Soda akachuluka amaipitsa kukoma. Alinso ndi sodium monga mchere, choncho odwala matenda othamanga magazi, a mtima kapena a impso amwe chopanda soda.

Chenjezo lalikulu ndi ili: si chilichonse chotchedwa soda chimene chimadyedwa. Caustic soda, amene ena amapangira sopo, ndi poizoni woopsa amene amawotcha mkamwa ndi kummero, ndipo wopulumuka amatha kuvutika kumeza moyo wake wonse. Soda wochapira nayenso sadyedwa. Gulani wa m'paketi yolembedwa bicarbonate of soda, ndipo ufa woyera wosadziwika bwino usayandikire malo okonzera chakumwa. Wina akameza caustic soda, musamusanzitse. Thamangirani naye kuchipatala.

Chotengera ndi kagawidwe

Chakumwa chowawasa chisasungidwe m'ndowa ya malata. Asidi amasungunula zinc wokutira ndowayo, ndipo omwa amayamba nseru, kusanza ndi kupotokola m'mimba pasanapite nthawi yaitali. Zoterezi zikachitika anthu amathamangira kuganizirana zoipa, pamene wolakwa ndi ndowa. Zigubu zimene munali mankhwala a mbewu, palafini kapena mafuta a galimoto nazonso n'zosayenera ngakhale zitatsukidwa kangati. Zoyenera ndi magalasi, zitsulo zosachita dzimbiri, kapena ndowa ya pulasitiki yosungira zakudya, makamaka yokhala ndi chivundikiro ndi kampopi m'munsi.

Kampopi kameneka n'kofunika koposa mmene kamaonekera. Chizolowezi chathu chotunga ndi kapu imodzi, imene aliyense amamwera ndi kuibwezera m'ndowa, chimaononga ntchito yonse ya dzulo lake. Ngati ndowa ya mpopi palibe, asankhidwe munthu mmodzi wosamba m'manja kuti azitunga ndi chikho cha mpini wautali, ndipo wina aliyense asapisemo dzanja. Amene watsegula m'mimba masiku amenewo asapatsidwe ntchito imeneyi, ngakhale akhale mlongo wake wa mkwatibwi. Makapu atsukidwe ndi sopo ndi kutsukuluzidwa m'madzi otetezedwa asanapite kwa mlendo wina. Madzi a m'beseni amene atsuka makapu 50 sakutsukanso kanthu.

Sakanizani pang'onopang'ono, mlingo woti uthe pasanathe maola awiri. Shuga amaitana ntchentche, ndipo ntchentche za paphwando zimayenda pakati pa chimbudzi ndi chakudya.

Nanga kuziziritsa? Kuzizira sikupha tizilombo, kumangotigoneka. Madzi oundana ogula pamsika, amene simukudziwa kumene anatungidwa, aikidwe m'beseni kunja kwa mabotolo, asalowe m'chakumwa. Kumene kulibe firiji, mtsuko wadothi woikidwa pamthunzi umaziziritsa bwino madzi, ndipo botolo lokulungidwa m'chiguduli chonyowa pamalo opita mphepo limazizira madzi a m'chigudulicho akamauma.

Za shuga, ana ndi odwala

Bungwe la World Health Organization linalangiza m'chaka cha 2015 kuti shuga wothira, pamodzi ndi wa m'madzi ofinya a zipatso, asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zimene munthu amapeza m'zakudya. Kwa munthu wamkulu, amenewa ndi masupuni ang'onoang'ono pafupifupi 12 pa tsiku. Botolo limodzi la mamililita 300 la zakumwa zambiri za m'sitolo limakhala ndi masupuni pafupifupi 8. Muyeso wathu uli ndi masupuni atatu a shuga wothira pa kapu, kuphatikizapo wochepa wa m'malalanje. Alendo ena adzanena kuti shuga sakumveka, ndipo mwini phwando adzaopa kutchedwa woumira. Ife tikuti asagonje: ludzu la m'chilimwe limatha ndi madzi, ndipo chakumwa chotsekemera kwambiri chimasiya munthu akufuna china. Odwala matenda a shuga apatulidwire madzi a mandimu manyuchi asanathiridwe. Pambali pa chakumwachi pakhalenso ndowa ya madzi akumwa otetezedwa.

Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi asapatsidwe chakumwachi ngakhale kukatentha bwanji. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi omukwanira. Ana okulirapo amwe pa nthawi ya chakudya, asamangopsopsona tsiku lonse, pakuti asidi ndi shuga zimadya mano.

Chakumwachi si mankhwala a kutsegula m'mimba, ndipo shuga wake angawonjezere vutolo. Wotsegula m'mimba apatsidwe Thanzi ORS wosungunulidwa m'lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ngati chimbudzi chake chili chamadzimadzi ngati madzi otsukira mpunga, apite naye kuchipatala nthawi yomweyo akumwetsedwa m'njira. Anthu awiri kapena atatu amene anali paphwando limodzi akadwala mofanana, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo auzidwe tsiku lomwelo, ndipo chakumwa chotsala chisatayidwe kapena kumwedwa kufikira iye atachiona.