Ovulala Akachuluka Kuchipatala, Ayambe Kuthandizidwa Ndani?

Amayi anzanga, ambiri tikukumbukira mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anasakaza chigawo chakumwera. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo ovulala ankafika ambirimbiri nthawi imodzi pachipatala cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre. Apo n'kuti mliri wa kolera usanathe. Tsiku lotere namwino kapena dokotala sapeza mpata wokhala pansi n'kuganiza. Amachita zimene anazolowera kale.

Sititsata mzere

Ngozi ikagwa, sitiyamba ndi amene wafika koyamba, koma amene moyo wake uli pachiswe. Odwala timawagawa ndi mitundu. Wofiira ndi amene akubanika, akutaya magazi ambiri kapena wakomoka, ndipo ameneyu sadikira. Wachikasu wavulala ndithu, monga kuthyoka mwendo, koma akupuma bwino, choncho angadikire pang'ono. Wobiriwira akuyenda yekha ndipo amathandizidwa pomaliza. Ophunzira anga ndimawauza kuti wolira mokweza ndiye kuti akupuma. Woti timuthamangire ndi uja wangoti zii. Choncho mukaona wobwera pambuyo panu akulowetsedwa msanga, musafulumire kunena kuti ndi tsankho.

Kukonzekera kumachitika kunja kuli bata

Chipatala chokonzeka chimachita zoyeserera, kuti aliyense adziwiretu malo ake: wolandira ovulala pakhomo, woitana amene ali patchuthi, wolankhula ndi achibale. Chimasunga padera madiripi, magolovesi, mabandeji ndi klorini. Chimaonetsetsa kuti jenereta ili ndi mafuta ndipo thanki ili ndi madzi, pakuti magetsi akazima, makina a oksijeni amaima ndipo firiji yosungira magazi ndi katemera imatentha.

Ife azamba tili ndi nkhawa ina. Matenda a kubereka sadikira kuti mtsinje uphwe. Mayi amene akutaya magazi kwambiri atabereka angathe kumwalira m'maola awiri okha ngati sathandizidwa, ndipo mlatho ukakokoloka, ambulansi singafike kumudzi.

Gawo lanu

1. Mvula ikayamba, dziwani amayi a m'dera lanu amene mimba yawo yafika mwezi wachisanu ndi chinayi. Amene amakhala kutali kapena kutsidya kwa mtsinje apite kuchidikiro msanga.
2. Mabuku a kuchipatala ndi mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a shuga ndi a BP, muziwasunga m'jumbo yosalowa madzi, pamalo osavuta kutenga pothawa.
3. Wina akamataya magazi pabala, psinjani pabalapo ndi chitenje choyera ndipo musasiye mpaka mutafika kuchipatala.
4. Wotsegula m'mimba ayambe kumwa Thanzi ORS ali panjira. Sungunulani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezeka.
5. Wodwala mmodzi aperekezedwe ndi munthu mmodzi. Khamu pakhomo la wodi limatsekereza machira.
6. Limbikitsani achinyamata kupereka magazi ngozi isanagwe, chifukwa magazi amayamba ayezedwa asanaperekedwe kwa wodwala.

Zokambirana pagulu

Kodi msewu wathu wa kuchipatala utaduka usiku, tingadzere kuti? Ndani ali ndi nambala ya foni ya mlangizi wa zaumoyo? Nanga ndi amayi angati oyembekezera amene tikuwadziwa m'mphakati wathu lero?