Phunziro: Mwana akadulidwa msonkho wopitirira, ndalamayo ingabwerere

Amayi anzanga, mwana akalandira malipiro ake oyamba timathokoza Mulungu, koma ndi ochepa mwa ife amene timapempha kuona pepala la malipirowo. Kuno ku Salima achinyamata ambiri amayamba ndi ntchito za nyengo: m'malo ogona alendo ku Senga Bay, m'minda ya nzimbe ndi ya mango, kapena pa zomangamanga. Ena mwa iwo amadulidwa msonkho woposa umene lamulo likufuna, ndipo ndalamayo imangokhala ku boma poti palibe wawauza kuti angathe kuiitanitsa.

Msonkho umenewu ndi wotani?

Umatchedwa PAYE. Bwana amaudula pa malipiro a mwezi n'kuutumiza ku MRA, bungwe lotolera misonkho m'dziko muno. Gawo loyamba la malipiro silidulidwa msonkho. Mu Epulo 2024 boma linakweza gawo limeneli kuchoka pa K100,000 kufika pa K150,000 pamwezi, ndipo ndalama yopitirira pamenepo mpaka K500,000 inkadulidwa K25 pa K100 iliyonse. Nduna ya zachuma imatha kusintha malirewa powerenga bajeti, choncho funsani ku MRA malire a chaka chino.

Kodi amadulidwa bwanji mopitirira?

Njira yoyamba ndi kulakwitsa kwa owerengera malipiro. Mwana amene malipiro ake sanafike pa malire aja sayenera kudulidwa PAYE ngakhale tambala imodzi.

Njira yachiwiri ndi kugwira ntchito miyezi yochepa. PAYE amadula mwezi ndi mwezi, koma msonkho weniweni amauwerengera pa zimene munthu wapeza chaka chonse, kuyambira pa 1 Epulo mpaka pa 31 Malichi. Tiwerengere ndi malire a 2024 aja. Mtsikana walembedwa ntchito miyezi inayi yokha pa K200,000 pamwezi. Mwezi uliwonse akudulidwa K12,500, pamodzi K50,000. Koma chaka chonse wapeza K800,000, pamene gawo losadula msonkho pachaka linali K1,800,000. Mtsikanayu ali ndi chifukwa chomveka chopemphera K50,000 yake. Inu mukudziwa zimene ndalama yotere ingachite pakhomo: ufa, sopo, kapena thiransipoti yopitira ku sikelo ngati ali woyembekezera.

Zoyenera kuchita

1. Mwana azisunga pepala la malipiro la mwezi uliwonse. Lamulo la zantchito la mu 2000 likuti bwana azipereka pepalali, losonyeza malipiro ndi zonse zodulidwa.
2. Asiyanitse msonkho ndi penshoni. K5 pa K100 iliyonse yopita ku penshoni ndi ndalama yake yosungidwa, ndipo MRA siibweza.
3. Akaona cholakwika, ayambe wafunsa mwaulemu kwa owerengera malipiro pantchitopo. Akakana kumuthandiza, apite ku ofesi ya zantchito pa boma.
4. Posiya ntchito kapena chaka cha msonkho chikatha, apemphe kwa bwana chikalata chosonyeza malipiro onse ndi msonkho wonse umene anadulidwa.
5. Atenge chikalatacho, mapepala a malipiro ndi chitupa cha unzika, apite ku MRA. Kumeneko adzalembetsa nambala yake ya msonkho, n'kulemba fomu ya zimene wapeza chaka chonse. A MRA amayamba atsimikiza kuti bwana anatumizadi msonkhowo, ndiye zimatenga nthawi. Asataye mtima, azikafunsa.

Chenjezo

Munthu akakuimbirani foni kuti mutumize kaye ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti msonkho ubwezedwe msanga, ameneyo ndi wakuba. Musamuuze nambala yanu yachinsinsi. Komanso tisalimbikitse ana kunama pa fomu. Msonkho woyenera ndi umene umagula mankhwala m'zipatala ndi kulipira aphunzitsi, ndipo Mkhristu amaupereka mokhulupirika. Chimene tikuitanitsa ndi chopitiriracho basi.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa amayi

1. M'mphakati mwathu, ndi achinyamata angati ayamba ntchito chaka chino? Kodi amalandira pepala la malipiro?
2. Ndani pakati pathu amadziwa masamu bwino, woti akhale nawo pansi n'kuwerengera limodzi?
3. Tingamuthandize bwanji mwana amene akuopa kufunsa abwana ake poopa kuchotsedwa ntchito?