Ngozi ya galimoto yonyamula ana asukulu: kodi woyenera kulipira ndani?

M'mawodi athu ambiri, ana akumapita kusukulu pa minibasi zimene makolo amalipira pamwezi, ndipo pakakhala mpira kapena ulendo wa maphunziro, sukulu zimachita hayala basi kapena lole. Ngozi ikachitika, kawirikawiri mwini galimoto amabwera ndi chipepeso, nkhani n'kuthera pomwepo. Chipepeso ndi ulemu wabwino, koma sichilowa m'malo mwa chipukuta misozi chimene malamulo amapereka kwa mwana wovulala. Phunziro lino likufotokoza amene ali ndi udindo wolipira, komanso zimene banja liyenera kuchita.

Milandu imakhala iwiri

Ngozi imodzi imatha kubala milandu iwiri yosiyana. Woyamba ndi umene boma limazenga dalaivala chifukwa choyendetsa mosasamala. Akapezeka wolakwa n'kulipitsidwa chindapusa, ndalamazo zimapita kuboma. Wachiwiri ndi wofuna chipukuta misozi, ndipo umenewu apolisi sakuyambitsirani. Amauyambitsa ndi banja lenilenilo. Popeza mwana sangasume payekha, kholo kapena womulera ndiye amamuimira, koma ndalama zikaperekedwa, mwini wake ndi mwanayo.

Amene angafunsidwe kulipira

Woyamba ndi dalaivala, ngati kuthamanga, kuledzera, kudzaza ana mopitirira muyezo kapena kusasamala kwina ndiko kunadzetsa ngozi. Wachiwiri ndi womulemba ntchito. Malamulo amati bwana amasenza kulakwa kumene wantchito wake wachita ali pantchito, ngakhale bwanayo anali kunyumba. Mwini galimoto amayankhanso payekha ngati anaitulutsa ili ndi mabuleki osagwira kapena matayala okutha.

Sukulu nayo ikhoza kukhudzidwa. Ana akakhala m'manja mwa aphunzitsi, sukulu iyenera kuwasamala monga mmene kholo lanzeru lingachitire. Ikasankha galimoto yooneka poyera kuti ndi yosayenera, kapena ikatumiza ana opanda wamkulu wowayang'anira, ikhoza kugawana nawo mlandu.

Pomaliza pali kampani ya inshuwalansi. Lamulo la zapamsewu la chaka cha 1997 limakakamiza galimoto yoyenda pamsewu kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ndipo limalola wovulala kusumira kampaniyo mwachindunji. Komabe kampani imalipira kufika pa malire amene analembedwa m'pangano lake. Khoti likagamula ndalama zoposa pamenepo, zotsalazo zimakhala pamutu pa mwini galimoto ndi dalaivala.

Zimene chipukuta misozi chimalipira

Khoti limaona ululu umene mwana wamva, zipsera kapena chilema chimene watsala nacho, ndi zimene sangathenso kuchita, monga kuthamanga kapena kulemba bwino. Limawerengeranso ndalama zimene banja lawononga pa mankhwala ndi maulendo a kuchipatala, koma zimenezi zimafuna umboni wa malisiti. Mwana akamwalira, banja likhoza kupempha chipukuta misozi cha moyo umene wafupikitsidwa, pamodzi ndi ndalama zimene zinalowa pamaliro.

Masiku oyamba ndiwo ofunika

Mwana aonedwe kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale akuoneka kuti ali bwino, chifukwa kuvulala kwa m'mutu ndi kwa m'mimba kumatha kubisala. Onetsetsani kuti zonse zalembedwa m'buku lake la kuchipatala, ndipo pemphani lipoti la dokotala. Kanenani kupolisi ndi kutenga lipoti la ngoziyo. Lembani nambala ya galimoto, dzina la mwini wake, dzina la kampani ya inshuwalansi ndi maina a anthu amene anaona zimene zinachitika.

Musasainire chikalata chonena kuti nkhani yatha musanafunse wodziwa malamulo. Mwendo umene ukuoneka kuti wapola lero ukhoza kufuna opaleshoni chaka chamawa. Musazengerezenso: lamulo loika malire a nthawi yosumira limapereka zaka 3 pa milandu ya kuvulala, ndipo pofika nthawi imeneyo mboni zimakhala zitabalalika. Amene sangakwanitse kulipira loya apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osowa pa nkhani za malamulo. Ngati kampani ya inshuwalansi ikukuzungulitsani, dandaulo lanu likhoza kupita ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira makampani amenewa.

Ulendo usanayambe

Chipukuta misozi chimavuta kupeza pamene galimoto inalibe inshuwalansi ndipo mwini wake alibe chuma. N'chifukwa chake komiti ya sukulu ndi ya makolo ziyenera kuona ndi maso zinthu zinayi zisanapereke ndalama ya hayala: laisensi ya dalaivala, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino, inshuwalansi imene sinathe nthawi ndipo ikuteteza okwera, komanso chiwerengero cha anthu amene galimotoyo imaloledwa kunyamula. Lole yonyamula chimanga siinapangidwire ana, ndipo kampani ikhoza kukana kulipira ngati inshuwalansi yake inali ya katundu yekha.

Safunsa anadya phula. Pa msonkhano wotsatira wa makolo kapena wa komiti ya chitukuko, funsani kuti mapepala a galimoto imene imanyamula ana anu anawaona ndani, ndipo anawaona liti.