Phunziro la za Umoyo: Mutu wa Ching'alang'ala ndi Makhalidwe a pa Khomo

Nonse mudawaona amayi aja amene amalawirira ku phiri la Zomba kukatola nkhuni. Amachoka tambala woyamba, m'mimba muli pululu, natsika dzuwa lili paliwombo, mtolo uli pamutu. Wina mwa iwo pofika kwawo ku Chikanda kapena ku Chinamwali angotula nkhunizo, nalowa m'nyumba, nafunda chitenje kumaso. Bambo pobwera apeza moto wosakoleza, nayamba kunena za ulesi. Mayiyo si waulesi ayi. Akudwala mutu wa ching'alang'ala.

1. Kodi nthendayi ndi yotani?

Ndi nthenda ya ubongo ndi mitsempha yake, ndipo kawirikawiri imayenda m'mtundu. Mutu umagunda ngati ng'oma, makamaka mbali imodzi, kuyambira maola 4 kufikira maola 72. Wodwala amachita nseru, mwina amasanza; kuwala ndi phokoso zimamulasa. Ena mutu usanayambe amaona zong'anima m'maso kwa mphindi 5 kufikira 60. Pa dziko lonse munthu mmodzi mwa anthu 7 ali nayo, ndipo akazi amachuluka pafupifupi katatu kuposa amuna. Tsono tisathamangire kunena kuti mnansi watilodza, ngakhale kutema mphini pa chipumi.

2. Chinthu chachikulu choti tigwire

Mutu umenewu umadana ndi kusinthasintha. Munthu akagona mochedwa lero, mawa nalawirira, mkuja nasala chakudya, waitana yekha nthendayo. Chifukwa chake mankhwala oyamba sagulidwa ndi ndalama: kugona ndi kudzuka pa nthawi imodzimodzi, ngakhale Lamulungu; kudya kanthu m'mawa, kaya phala kaya mbatata yotsala dzulo; kumwa madzi ludzu lisanafike. Wopita ku phiri kapena ku msika wa Zomba atenge botolo la madzi ndi chiponde kapena nthochi. Pa mwezi wa Okutobala, makamaka ku chigwa cha nyanja ya Chilwa, ntchito ya khasu ithe dzuwa lisanakwere. Wozolowera tiyi amwe muyezo womwewo tsiku ndi tsiku, pakuti kumusiya mwadzidzidzi kumadzutsa mutu. Mowa nawonso umaudzutsa mwa anthu ambiri.

Za kusala kudya, akatekisiti awakumbutse akhristu kuti lamulo la Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera silimanga odwala. Ndiponso kuyambira 1964 kusala tisanalandire Ukaristia ndi kwa ola limodzi lokha, ndipo madzi ndi mankhwala sizikuletsedwa.

3. Kukonza nyumba

Sankhani chipinda kapena ngodya yotalikira msewu ndi khitchini. Pa zenera pachikani chitenje chakuda kapena bulangete lakale. Ngati denga ndi la malata, yalani mphasa kunsi kwake kuti zitchinge kutentha. Mtsuko wa madzi ukhale pafupi, ndi kansalu konyowetsa koika pa mphumi. Mafuta onunkhira, parafini ndi fodya zikhale kutali.

Utsi ndi mdani wina. Phikirani panja kapena m'khitchini ya mazenera, ndi nkhuni zouma. Pa Juni ndi Julayi, pamene chisanu chitsika m'phiri, ambiri amalowetsa mbaula ya makala m'chipinda natseka chitseko. Musatero konse! Makala amatulutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha. Umayamba ndi kupweteketsa mutu, numaliza ndi kupha.

4. Mutu ukayamba

Wodwala amwe msanga panado kapena asipirini, monga mwa muyezo wolembedwa, nakagone mu mdima. Ana osafika zaka 16, amayi apakati ndi a zilonda za m'mimba asamwe asipirini popanda mawu a dokotala. Koma chenjerani: womwa mapiritsi otere masiku 15 kapena kuposa pa mwezi, mapiritsi omwewo amasanduka gwero la mutu wosatha.

Apa mpamene banja liyenera kuonetsa chifundo. Wailesi izimitsidwe, ana akasewere kwa anansi, bambo kapena mwana wamkulu agwire mthiko. Mutu umodzi susenza denga, nanji mutu wodwala!

5. Kope la masiku

Tengani kope lakale la mwana wa sukulu. Tsiku lililonse limene mutu wapweteka lembani: ndinagona nthawi yanji, ndinadya chiyani, ndinali padzuwa kodi, ndinali ndi nkhawa kodi. Amayi alembenso masiku a kumwezi. Wosadziwa kulemba aponye nyemba imodzi m'chitini. Kuona maso a nkhono n'kudekha: pakatha miyezi iwiri kapena itatu, chodzutsa mutu wanu chidzayamba kuonekera. Ngati masiku achuluka, pitani nalo kopelo kwa dokotala, pakuti alipo mankhwala oteteza, monga amitriptyline ndi propranolol, omwedwa tsiku ndi tsiku iye akalamula.

6. Mutu wosayenera kuugonera

Si mutu uliwonse uli wa ching'alang'ala. Thamangirani ku Zomba Central Hospital, ku Pirimiti, ku St Luke's ku Malosa kapena ku chipatala chilichonse chapafupi ngati mutu wagwa mwadzidzidzi ngati mphezi; ngati ukudza ndi kutentha thupi kapena kuuma khosi, pakuti angakhale malungo kapena nthenda youmitsa khosi; ngati dzanja kapena mwendo wafooka, kapena lilime lalemera; ngati munthu anagwa namenyetsa mutu; ngati mayi wapakati watupa nkhope ndipo akuona chimbuuzi.

Mafunso okambirana m'Miphakati

(a) Kodi alipo pakati pathu amene tinamutcha waulesi chonsecho akudwala?
(b) Tikapita kukazonda wodwala wotere, n'chabwino n'chiti: kudzaza chipinda ndi kuimba mokweza, kapena kumutungira madzi, kumuphikira ndi kumutengera ana kufikira madzulo?